Beseni la Kuseri kwa Khitchini

1. Mluzu wa a Laimoni

A Laimoni adali munthu wa mluzu. Akadzuka bwino ankaimba mluzu, akadzuka ndi msana ankaimbabe, kungoti motsitsa pang'ono. Nyimbo zake zidali za kutchalitchi, pakuti iwo adali mkulu wa mpingo. Anthu a pa Nsambe ankadziwa kuti kwacha akamva mluzuwo ukutsetsereka kupita kumunda wa kachewere. Ngakhale akazi awo a Stelia, amene ankatha kudandaula ndi nkhuku yomwe, mluzuwo adauzolowera.

M'nyumbamo mudali munthu mmodzi yekha amene mluzu unkamudwalitsa. Ameneyu adali Tisungeni, mtsikana wa Fomu 3, mwana wa malemu mlongo wawo wa a Stelia.

Bambo ake atamwalira iye ali wamng'ono, mayi ake adakwatiwa ndi a Jimu, mwini golosale pa Zalewa. Kwa ogula, a Jimu adali munthu wansangala. Kunyumba akafuna kumenya mwana ankayamba atseka chitseko, n'kumamasula lamba pang'onopang'ono uku akuimba mluzu. Akatopa ankamutsekera m'chipinda cha katundu mpaka madzulo. Izi sizidachitike kamodzi ayi. Tisungeni adakula nazo kuyambira ali wa Sitandade 2 mpaka adalemba mayeso a Sitandade 8.

Chimene adaphunzira bwino m'nyumba imeneyo ndi kuthawa. Adathawa pa Zalewa n'kukakhala kwa abale ku Chifunga. Kumenekonso munthu atangomukwezera mawu chifukwa cha mbale yosweka, adathawa. Apa m'pamene azakhali ake a Stelia adamutenga, koma adamuuziratu poyera: "Kuno si pokwerera basi. Ukadzathawa kapena kutichititsa manyazi, tidzakubwezera kwa amako pa Zalewa."

A Stelia sadali oipa mtima. Ankadziwa kuti a Jimu ndi aukali, koma ankati kodi alipo kholo losamenya mwana? Za lamba, za mluzu ndi za chipinda cha katundu, Tisungeni adali asanauzepo wachibale aliyense.

2. Gulu la Lachinayi

Tisungeni ankadwala mutu kawirikawiri. Tsiku lina kuchipatala adakumana ndi a nesi a Rejoice, mayi wa ku Rumphi amene adaphunzira za matenda a maganizo. Iwo adaona kuti mtsikanayo wakhala moyang'ana kukhomo, ndipo wina atagwetsa chivundikiro panja adadzambatuka ngati waponda moto. Adacheza naye nthawi yaitali, kenako adamuitanira ku gulu la achinyamata limene linkakumana Lachinayi masana.

Chipinda chimene ankakumanamo anthu ankati ndi cha amisala. N'chifukwa chake Tisungeni adanama kunyumba kuti Lachinayi amatsalira ku kalabu ya kusukulu.

Njira imene a Rejoice ankaphunzitsa, achipatala amaitchula mwachidule kuti DBT. A Rejoice ankangoti ndi njira ya zoona ziwiri, ndipo tsiku loyamba adaifotokoza motere:

"Mwana amene walumidwa ndi galu kamodzi amaopa galu ameneyo. Koma amene wakhala akulumidwa zaka ndi zaka m'nyumba momwe amagona, thupi lake limayamba kuopa ngakhale kulira kwa unyolo. Si misala imeneyo, ndi thupi limene lidakhoza bwino phunziro loipa. Tsono pano tinyamula zoona ziwiri zimene zimaoneka ngati zikukangana. Zimene zidakuchitikirani si mlandu wanu, ndipo mantha anuwo ali ndi chifukwa. Komanso kuthawa, kutukwana ndi kudzipweteka zikukuonongerani moyo, ndipo amene angazisinthe ndinu nomwe. Musasankhepo chimodzi. Mayi amasenza ndowa pamutu mwana ali kumsana, ndipo amafika nazo zonse kunyumba."

Adawaphunzitsa zoyenera kuchita mantha akakwera. Kuviika nkhope m'madzi ozizira utagwira mpweya kumatsitsa kugunda kwa mtima. Kutulutsa mpweya pang'onopang'ono kumafewetsa thupi. Kununkhiza kanthu kokoma ndi kutchula zinthu zimene ukuziona kumakukumbutsa kuti uli pano, osati kuja. Adawaphunzitsanso kupempha chimene akufuna mwaulemu, osakalipa komanso osathawa. Phunziro limeneli Tisungeni ankalizemba.

Koma la madzi adalikonda. M'mawa uliwonse mluzu ukangoyamba, ankatenga beseni lake laling'ono n'kuzungulira kuseri kwa khitchini. Ankathyola masamba a nachesi, kuwafikisa m'manja, kuwanunkhiza, n'kuwataya m'besenimo. Akaviika nkhope ankadzuka n'kumatchula chapansipansi kuti nkhokwe, khasu, mtengo, phiri. Madzi a pa Nsambe mwezi wa Juni safuna kuwanyengerera kuti azizire.

Ndipo zinthu zidayamba kusintha. Mutu udachepa. Aphunzitsi adayamba kumutchula pa ana olimbikira. A Laimoni adafika pomugulira nsapato za sukulu popanda wowapempha.

3. Masamba m'madzi

Kusinthako n'kumene kudamugwetsera m'mavuto. A Stelia adayamba kudabwa kuti mwana amene ankadzidzimuka ndi mthunzi wake womwe wapeza kuti kufatsa kotere. Aphunzitsi kumukonda, amuna awo kumukonda, zonsezi mwadzidzidzi? M'mawa wina adasuzumira pa ming'alu ya khitchini. Adaona mwana atagwada, nkhope ili m'beseni, masamba akuyandama, kenako milomo ikugwedera. Adasuzumiranso mawa lake, n'kuona zomwezo.

Munthu wa kwathu kuno safuna womuuza tanthauzo la madzi, masamba ndi kunong'ona kuseri kwa nyumba anthu asanadzuke. A Stelia adatsimikiza kuti mwanayo akusamba mankhwala a chikoka.

Loweruka m'mawa adakoka amuna awo kuti adzadzionere okha. A Laimoni adaona, adapukusa mutu, n'kupita kuseri kwa nkhokwe ndi foni yawo. A Stelia sadadikire. Adatulukira, n'kulanda besenilo Tisungeni asanapukute n'komwe kumaso. Madziwo sadawataye, pakuti udali umboni. Besenilo adakaliika pakhonde, pamaso pa mpando wa amuna awo.

4. Chenjezo

A Laimoni adakhala pampando, a Stelia pamkeka, Tisungeni pansi cha kumapeto kwa khonde. Mkulu wa mpingoyo sadakalipe. Adayankhula mofatsa monga ankachitira pa uphungu wa kutchalitchi.

"Tisungeni mwana wanga, undimvere. Ine ndakulira pa Nsambe pano ndipo ndaona zambiri. Ndaona atsikana akusamba mankhwala kumaso kuti aphunzitsi awakonde, ena kuti amuna aziwatsata. Poyamba zimaoneka ngati zikuyenda. Koma munthu amene wakupatsa masamba lero, mawa adzakuuza kuti ubweretse tsitsi lako, mkuja adzati ubwere wekha popanda wokuperekeza. Sudzadziwa pamene wagwidwira. Chikondi chogula ndi masamba chimafota ndi masamba omwewo.

"Chachiwiri ndi ichi. Chinthu chimene ukuchita kuseri, anzako asanadzuke, dziwa kuti mtima wako womwe ukuchita nacho manyazi. Nyumba ya zobisa imadontha ngakhale denga lili la malata. Ife tinakulandira chifukwa mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo iwe si wa mnzathu ayi, ndiwe magazi a mayi awa. Koma sitingalere zimene sitikuzidziwa. Mawa anthu akamva kuti m'nyumba mwa mkulu wa mpingo muli zitsamba, ndidzaima bwanji kutsogolo? Ndiye ndaimba foni ku Zalewa. Amako akuti sangasiye golosale. Abambo ako a Jimu akuti abwera okha lero lomwe pa njinga yamoto kudzakutenga."

A Laimoni ankaganiza kuti achita zinthu mwa dongosolo. Atatha kuyankhula adaimirira kuti akatenge khasu, ndipo monga mwa chizolowezi chawo milomo idasongoka yokha. Mluzu udayamba.

5. Njira ya kuseri kwa khola

Kuseri kwa khola la mbuzi kudali kanjira kotsetsereka m'minda ya tirigu mpaka kumsewu. Tisungeni adakaona tsiku lomwe adafika pakhomopo, pakuti mwana wothawa amayamba waona potulukira asanaone pogona.

Adadzuka osatsazika. Adadutsa khitchini, adadutsa nkhokwe, miyendo ikuthamanga yokha. A Stelia adamuitana koma iye sadacheuke. Adafika pakhola, pamene kanjira kaja kamayambira.

Pamenepo adaima.

Beseni padalibe, madzi padalibe. Adagwira mtengo wa khola ndi manja onse awiri. Adatulutsa mpweya pang'onopang'ono ngati akuuzira phala la mwana. Adatchula zimene ankaona: mbuzi, chingwe, tirigu, phiri. Mantha sadachoke, koma adachepa, ndipo miyendo idayamba kumumvera.

Kuthawa kudamupulumutsa kale, zimenezo zidali zoona. Koma akadathawa tsiku limenelo, akadasiya sukulu, gulu la Lachinayi ndi nyumba imene sadamenyedwemo. A Jimu akadamupezabe kumsewu, popanda wina womuikira kumbuyo.

Tisungeni adatembenuka n'kubwerera. Adagwada pafupi ndi khonde. Kenako adayankhula.

"Bambo, azakhali, ndinanama. Lachinayi sinditsalira kusukulu, ndimapita kuchipatala kwa a nesi a Rejoice. Ndinabisa chifukwa ndimaopa kuti munditcha wamisala. Masambawo ndi a nachesi uyu wa pabwaloyu, anunkhizeni. Madziwo ndi madzi chabe."

A Stelia adatola tsamba limodzi m'besenimo, adalifikisa, adalinunkhiza. Adayang'ana mtengo umene adaubzala okha chaka chimene adakwatiwa. Paja amati safunsa adadya phula.

A Laimoni adafunsa kuti nanga madzi ozizira amachiza chiyani. Apa padali povuta. Mwana wa kwathu sauza wamkulu kuti chizolowezi chake chikumupweteka, makamaka wamkulu amene wamugulira nsapato. Tisungeni adayang'ana pansi, adapumanso, n'kunena:

"Bambo, inu ndinu munthu wabwino, simunandikwezerepo mawu. Koma a Jimu akamamasula lamba ankaimba mluzu. Ndiye inu mukaimba, mutu wanga umadziwa kuti ndi nyimbo ya Mulungu, koma thupi langa limadikira lamba. Ndikupempha kuti muwaimbire a nesi foni muwafunse. Ndikupemphanso kuti musandipereke."

A Laimoni adakhala pansi, khasu lili m'manja. A Stelia adamugwira mwanayo padzanja n'kulowa naye kuchipinda. Kumeneko Tisungeni adafotokoza za chipinda cha katundu, ndipo adawaonetsa zipsera za kumsana. Kenako a Stelia adatuluka naye n'kubwerera pakhonde. Manyazi adawagwira, mkwiyo udawagwiranso, ndipo misozi inkangotsika.

6. Mawu a a nesi

Tisungeni adatchula nambala, a Laimoni adaimba n'kuikweza foniyo kuti onse amve. A Rejoice adayamba afunsa Tisungeni ngati akulola kuti nkhani yake ikambidwe. Atavomera, a Laimoni adafotokoza zimene zidachitika, kenako a Rejoice adayankhula ndi akuluakuluwo.

"Bambo ndi mayi, musadziimbe mlandu mopitirira. Munaona masamba m'madzi, munaopera mwana, ndipo kuopera mwana ndi ntchito ya kholo. Za kubisa mwanenazo ndi zoona, ine ndakhala ndikumulimbikitsa kuti akuuzeni. Koma mundimvetse. Mwana uyu akuchira, ndipo kuchira kwake sikuli ngati kwa malungo, kuti wamwa mankhwala mawa wadzuka. Adzakhala bwino sabata ino, sabata ya mawa adzadzidzimuka ndi chitseko. Pamenepo musamunene kuti akuchita dala, komanso musamusiye kuti azichita zilizonse poti anavutika. Akalakwa mudzudzuleni mutakhala pansi, chitseko chili chotsegula. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Chimene ndikukanitsitsa ndi chimodzi: asabwerere m'nyumba ija. Ine ndiimbira a ofesi yoona za ana pompano, koma lero ndi Loweruka, sindikudziwa kuti afika liti. Kufikira abwere, chitseko cha mwana ameneyu ndinu."

Foni itaduka, a Laimoni adatembenukira kwa Tisungeni. Adati chenjezo lawo salibweza, chifukwa zitsamba ndi zoipa ndithu ndipo kunama n'koipa. Koma adavomera kuti adaweruza asanafunse. Tisungeni adapepesa za bodza la Lachinayi. Za mluzu adagwirizana kuti a Laimoni aziuyamba akadutsa mjigo, mpaka tsiku limene mwanayo adzanene yekha kuti wakonzeka kuumva pafupi.

Kenako a Laimoni adaimbira a Jimu kuti asavutike n'kubwera. Foniyo idaitana mpaka kuduka yokha. Adaimbanso. Pomaliza adaimbira mayi ake a Tisungeni, amene adayankha mwamantha kuti a Jimu adanyamuka kalekale.

7. Alendo a masana

Tsikulo palibe adapita kumunda. A Laimoni adakhala pakhonde akusema mpini umene sudafunike kusemedwa. A Stelia adasesa bwalo losesedwa kale. Tisungeni adasankha nyemba m'lichero, ndipo nthawi ndi nthawi maso ake ankapita kukhola n'kubwerera.

Dzuwa litapendeka, kulira kwa njinga yamoto kudamveka kukwera chitunda. Lichero lidayamba kugwedera pamiyendo ya Tisungeni mpaka nyemba zina zidagwa pansi.

A Stelia adaona. Adalowa m'khitchini n'kutuluka ndi beseni lija, atalidzaza madzi a mumtsuko. Adapita pamtengo wa nachesi, adathyola masamba ndi manja awo, adawafikisa. Sadapite nalo kuseri. Adaliika pakati pa bwalo, pamaso pa Tisungeni.

"Samba pompano, mwana wa mlongo wanga," adatero. "Amene akufuna kuona aone."

Tisungeni adagwada n'kuviika nkhope. Atadzuka, njinga idali itaima pamsewu. A Laimoni adali ataima pakati pa kanjira kolowera pakhomo, pamene mlendo amayenera kuima n'kunena odi.

A Jimu adatsika, adalipira wa njinga, adasasa fumbi pa buluku. Adamwetulira monga ankamwetulira kwa ogula pa golosale. Kenako adayamba kuyenda chakubwalo, manja m'thumba, akuimba mluzu.

Tisungeni adapukuta nkhope ndi chitenje cha azakhali ake. Kanjira ka kuseri kwa khola kadali pomwepo. Iye adaimirira n'kukaima pambali pa a Stelia.

"Zikomo pakhomo pano," adatero a Jimu, maso ali pa mtsikanayo. "Mwana wangayo wamanga kale katundu wake?"

A Laimoni sadasunthe pamene adaima.